Mafuta a Chiwongolero cha Mayi a Rudo

Lolemba

Sukulu idakali yotseka. Ana sakubwera, choko chinatha, aphunzitsi anzanga ambiri ali ku Joni. Nthawi ndili nayo yambiri, ndipo lero yapeza ntchito.

Loweruka kuli mpikisano wa magalimoto pa bwalo lafumbi lija la pakati pa Chegutu ndi Kadoma. Mayi a Rudo, akazi anga, alembetsa.

Nkhani yake ili motere. A Mhofu, mwini malole opita ndi katundu ku migodi ya ku Turf, akufuna dalaivala. Mayi a Rudo anayendetsa lole ya buledi zaka zambiri mpaka pamene fakitale inatseka posowa fulawa. Atapita kukafunsa ntchitoyo, a Mhofu akuti anaseka n'kunena kuti, "Amai, lole yanga si poto." Mayi a Rudo sanakwiye. Anangoyankha kuti, "Loweruka mubwere ku bwalo, mudzaime pa kona yachiwiri."

Ndikanakhala ine ndikanabwera kunyumba n'kudzagona chafufumimba. Iwo abwera ndi nambala yoti timate pa chitseko.

Galimoto ndi ya mlamu wanga Josefe, mchimwene wawo, amene ali ku England kusamalira okalamba. Anatisiyira kuti tiziliza injini mwa apo ndi apo. Timaitcha Ntchembere. Josefe wavomera, watumizanso makuponi a petulo, chifukwa iyenso ankathamangitsa galimoto pa bwalo lomwelo ali mnyamata.

Masana tapita kukayesa. Bwalo silili monga analisiyira Josefe. Amene analilambula ndi azungu eni famu ya pamenepo, lozungulira bwino ngati dzira. Famu itagawidwa, wina analandira mbali ya kum'mawa n'kulimapo dimba la masamba, wina wamanga khola la mbuzi pamene pankaima oonerera. Tsopano msewu umazemba dimba, n'kuzemba khola, n'kukhotanso pa chulu. Makona okhaokha.

Ndaima pa chulupo n'kumaonerera. Amayi awa! Ndakhala nawo m'nyumba zaka zonsezi, ndimadziwa mmene amasendera tomato, koma izi sindinaziwonepo. Galimoto ikulowa pa kona chammbali, fumbi kobo, iwo nkhope ili phee ngati ali m'tchalitchi.

Kenako Ntchembere yayamba kulira ngati mphaka wopondedwa mchira. Aima. Titatsegula boneti, kabotolo ka mafuta a chiwongolero kakubwata, thovu lofiira likutsikira m'mbali, fungo ngati la ndiwo zopserera.

"Chiwongolero chauma gwa," atero. "Mafuta akatentha sagwira ntchito. Makonawa achuluka."

Amakaniko onse amene timawadziwa anapita ku Botswana. Ndiye ndadzipereka. Iwo aziyendetsa, ine ndiwonetsetsa kuti mafuta asawire.

Zondiyenereza:
- ndimaphunzitsa jogalafe, ndiye za kutentha ndi mphepo ndimazidziwa
- ndinakonzapo wailesi (sinalankhulenso, koma inali kale yodwala)
- sindidziwa kuyendetsa galimoto, choncho palibe chondisokoneza

Andiyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera kuti, "Zvakanaka, bambo a Rudo." Mkazi wokhulupirira mwamuna wake.

Lachiwiri

Uthenga wa Josefe walowa pa foni m'mawa. Akuti pampu ikamazungulira mothamanga, chiwongolero chikukhotetsedwa uku ndi uku, mafuta amatentha n'kuchita thovu. Mankhwala ake ndi kuikapo karediyeta kakang'ono kutsogolo, kumene kumawomba mphepo, mafuta azidutsamo asanabwerere m'kabotolo. "Lumikizani pa paipi yobweza mafuta, osati yochokera ku pampu. Koma chonde"

Uthenga wathera pamenepo. Netiweki yadula. Koma chonde chiyani? Mwina koma chonde mupereke moni kwa onse.

Ndakwera kombi kupita ku Kadoma kukasaka karediyetako. Mu sitolo ya zida za galimoto ndapezamo izi:
- mawaipa
- kalendala ya chaka chatha
- mwini sitolo, ali m'tulo

Ina ndi yotseka. Ina ikugulitsa makandulo.

Ndabwerera kwathu ku Chinengundu wolefuka. Ndakhala m'khitchini, maso ali pa firiji. Magetsi sitinawaone masabata angapo, ndipo mu firijimo tikusungamo mbale ndi makope a ana a sukulu poopa makoswe. Ndaikoka pang'ono kuti ndisese kuseri kwake, ndipo taonani! Kumsana kwake kuli chitsulo chakuda cha mapaipi okhotakhota. Ntchito yake? Kutaya kutentha. Ndendende zimene akunena Josefe.

Nzeru ngati izi sizibwera kawiri pa moyo wa munthu.

Ndawafotokozera mayi a Rudo. Ati, "Firiji imeneyo ndi ya pa ukwati wathu." Ndati ndikudziwa. Ati, "Chotsani. Koma ine ndisaone."

Atenga ndowa ziwiri kupita ku mjigo. Masiku ano akutunga madzi kwambiri, ngakhale a anansi. Sasenzanso pamutu, akunyamula m'manja, mikono itatambasuka. Mtima wawo wothandiza anthu umandichititsa manyazi.

Podula paipi ya firijiyo yachita phsss nthawi yaitali. Ndatsegula mawindo.

Lachitatu

Ndadzuka ndi nyimbo pakamwa. Chitsulo cha firiji ndachimangirira ndi waya kutsogolo kwa rediyeta. Paipi yobweza mafuta ndaipeza, ndi yofewa ija. Vuto ndi loti ndi yotakata ngati chala chachikulu, pamene ya firiji ndi yopyapyala ngati udzu. Ndakulunga mphira wa chubu cha njinga mpaka zagwirana. Jogalafe imaphunzitsa kuti mtsinje ukapanikizika umathamanga kwambiri. Ndiye mafuta azithamanga.

Apongozi anga, Sekuru Phiri, abwera kudzaona. Anagwira ntchito pansi pa mgodi moyo wawo wonse, ndipo tsopano ndi mkulu wa mpingo. Avala malaya oyera, akupita ku msonkhano wa akuluakulu. Awerama n'kuyang'anitsitsa ntchito yanga.

"Ini lo?" afunsa m'chilapalapa cha ku mgodi, kutanthauza kuti ichi n'chiyani. Amachilankhula akadabwa.

Ndawauza kuti aime pomwepo aone zodabwitsa. Mayi a Rudo aliza injini n'kukhotetsa chiwongolero.

Pampu yabuula. Paipi yafufuma ngati chule. Kenako phuu!

Mafuta onse a chiwongolero cha Ntchembere ali pa malaya a Sekuru. Ena pa chipewa. Ena pa khoma la anansi.

Sekuru ayang'ana malaya awo. Avula magalasi, awapukuta ndi mbali ya malaya imene inatsala yoyera, awavalanso. Kenako ati, "Mkamwini, aikona mushe." Ndiko kuti sizili bwino. Apita ku msonkhano atavala juzi yanga ya sukulu, dzuwa likuswa mtengo.

Mayi a Rudo atuluka m'galimoto, ayang'ana pansi, ayang'ana ine. Sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Angoti, "Mwavulala?" Kenako apita kukasinja chimanga cha mayi wa nyumba yachitatu. Ku chigayo kulibe magetsi, ndiye adzipereka kusinjira mzere wonse wa nyumba. Anthu ngati awa akusowa m'dziko muno.

Masana foni yalira. Theka lotsala la uthenga wa Josefe lafika: "musayese chitsulo cha firiji. Mapaipi ake ndi aang'ono, mafuta sadutsa. Ine ndinayesapo."

Chakumadzulo magetsi ayaka! Chinengundu yonse yafuula. Ana akuvina mu msewu, mawailesi akulira, mafiriji a anthu akung'ung'udza nyumba ndi nyumba. Yathu nayo yayatsa kababu ka m'kati. Makope a ana akuwoneka bwino kwambiri.

Lachinayi

Lero vuto si kutentha kwa mafuta. Vuto ndi loti palibe mafuta oti atenthe.

Malangizo amene ndalandira kwa anthu a mu mzere wathu:
- thirani mafuta ophikira (ali kuti?)
- thirani a mabuleki, onse ndi mafuta
- thirani madzi a sopo, amaterera
- siyani zimenezi, aphunzitsi, mkazi azikhala pakhomo

Womalizayu ndi bambo amene chimanga chake chinasinjidwa dzulo ndi mkazi yemweyo.

Josefe wayankha msanga ulendo uno. Akuti a mabuleki ayi, amadya mphira. Akuti ofunika ndi ofiira aja a mu giyabokosi ya galimoto yosintha yokha magiya. Akhale atsopano, chifukwa akale amawira msanga.

Atsopano! Munthu akakhalitsa ku England amaiwala zambiri.

Ndakumbukira galimoto ya a hedi a sukulu yathu, yosintha yokha magiya. Yakhala pa njerwa kuyambira pamene matayala anabedwa, ndipo nkhuku zimaikira pa mpando wakumbuyo. Ndapita. A hedi andilandira bwino, amva nkhani yonse, aseka mpaka kutsokomola. Avomera kuti ndikhetse mafutawo, koma sukulu ikadzatsegulidwa ndidzatenge kalasi yawo ya masamu. Ine masamu! Ndavomera.

Ndagona chagada pansi pa galimoto, pakati pa zitosi, ndi sipanala yobwereka. Mafuta atuluka. Si ofiira. Ndi a mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Ndawasefa ndi sokosi ya mayi a Rudo ya ku tchalitchi, ndipo tsopano ndi a mtundu wa tiyi wosefedwa.

Iwo lero anapita ku bwalo pa kombi, opanda galimoto. Akuti analizungulira wapansi, kuona pamene pali mchenga ndi pamene nthaka yalimba. Acheza ndi gogo mwini mbuzi, ndipo gogoyo walonjeza kuzitsekera Loweruka. Abwerako ndi mtolo wa repu wochokera kwa mwini dimba, amene poyamba ankati akamupondera masamba adzaitana apolisi.

Ine sabata yonseyi ndakwanitsa kudana ndi anansi a khoma lija. Iwo tsiku limodzi apeza abale awiri.

Lachisanu

M'mawa kwabwera Sekuru Phiri, atanyamula thumba la saka. Sanatchule za malaya. Alowa kuseri kwa nyumba, ayang'ana uku ndi uku, n'kutulutsa paipi ya kopa yopindidwa bwino ngati njoka yogona. Kutakata kwake ndendende ndi paipi ya galimoto.

Fungo lake landiuza kumene yachokera. Paipi imeneyi yakhala ikutcheza kachasu zaka zambiri.

"Musafunse," atero mkulu wa mpingo. "Ndipo Lamulungu ibwerere. Mwini wake ndi munthu wovuta."

Ndaitsuka ndi petulo pang'ono. Ndiye funso: ndiimangirire pati? Josefe anati kutsogolo kwa rediyeta. Koma ndaganiza mozama. Pamenepo pali zitsulo zotchinga mphepo. Pansi pa bampala palibe chotchinga chilichonse, mphepo imangowomba mwaufulu. Komanso mpweya wozizira umakhala m'munsi, wotentha umakwera, izi ndimaphunzitsa chaka ndi chaka. Ndaimangirira pansi pa bampala.

Zina zimene ndachita:
- ndatchinga paipi imene imadutsa pafupi ndi ekizozi ndi chitini chodula
- mafuta sindinadzaze mpaka pakamwa, akatentha amafuna malo
- takweza galimoto pa jeke, mayi a Rudo n'kumakhotetsa chiwongolero uku ndi uku mpaka thovu lonse latha

Tayesa pa bwalo la mpira la ku sukulu. Azungulira, azungulira, akhota mpaka ine chizungulire. Atayima ndagwira kabotolo. Kofunda chabe, ngati mwana wodzuka kumene! Pampu ili chete. Paipi ya kopa ikutentha, kusonyeza kuti ikugwira ntchito yake.

Ndavina pang'ono. Sekuru ati, "Mushe." Mawu amodzi, koma ochokera kwa iwo ndi satifiketi.

Mayi a Rudo agwada n'kusuzumira pansi pa bampala. Ati, "Yatsika bwanji." Ndawafotokozera za mpweya wozizira. Amvetsera mpaka ndamaliza. Ati, "Mwagwira ntchito, bambo a Rudo." Kenako atenga ndowa zawo zija.

Ndawafunsa kuti madzi onsewa ndi a chiyani, popeza migolo yadzaza kale. Ati, "Ndikulimbitsa mikono." Ndafunsa chifukwa chake, poti chiwongolero tsopano n'chofewa ngati thonje. Angomwetulira n'kumapita.

Ndikuganiza kuti ndi mantha a mpikisano. Ngakhale anthu olimba mtima amakhala nawo.

Loweruka

Anthu ndi ambiri kuposa mmene ndimayembekezera. Ena abwera pa ngolo za ng'ombe, ena pa mathirakitala, okumba golide abwera ndi matope awo. Magalimoto opikisana ndi ochepa, petulo ndi wosowa, ndipo onse oyendetsa ndi amuna kupatula mmodzi. Wina wafunsa ngati mayi a Rudo abwera kudzagulitsa maputi, chimanga chokazinga chija. Iwo amupatsa moni mwaulemu n'kumanga chipewa cholimba pamwamba pa duku.

A Mhofu abwera. Aima pa kona yachiwiri, pafupi ndi khola, atavala suti.

Ine ndili pa chulu ndi Sekuru. M'manja ndanyamula botolo la mafuta otsala ndi chisanza chonyowa.

Ayamba! Ntchembere yanyamuka mochedwa, ili kumbuyo kwa onse. Koma pa makona amuna aja akulimbana ndi magalimoto awo ngati akugwetsa ng'ombe, pamene iwo akungodutsa mwakachetechete m'kati. Pa dimba apitirira mmodzi. Pa chulu apitirira wina, pafupi kwambiri moti ndawaona nkhope. Anali ngati akuganiza zoti tidya chiyani madzulo.

Ndatchera khutu nthawi yonseyi. Pampu siikulira. Mafuta anga akugwira ntchito! Ndawagwira Sekuru paphewa, zimene sindinachitepo chikwatirire.

Ndiye pali kadzenje pambuyo pa khola, kamene magalimoto akhala akukakumba pozungulira ponse. Ntchembere yalowamo, mphuno yagunda pansi, ndipo ndaona chinthu chonyezimira chikudumpha m'mwamba, kugubuduka, n'kukagwera m'khola la mbuzi.

Paipi ya kopa.

Kumbuyo kwa galimoto kwatsala mzere wakuda pa fumbi. Pampu yakuwa, utsi watuluka, lamba wake waduka n'kuuluka.

Ndilembe zoona pano, chifukwa ntchito yanga inali yoti mafuta asatenthe. Sanatenthe. Atayika onse ali ozizira bwinobwino.

Sekuru avula chipewa. Ine ndayamba kutsika pa chulu kuti ndikathandize mayi a Rudo kukankha galimoto.

Koma sanaime.

Munthu amene sanagwirepo chiwongolero chakufa sangamvetse. Ine nanenso sindinachigwirepo, koma Lolemba ndinayesa kuchikhotetsa galimoto itaima ndipo ndinamva msana. Iwo afika pa kona ya dimba, mapewa akwera, thupi lonse lapendekera mbali imodzi, ndipo Ntchembere yakhota. Pa kona yotsatira achita zina: aponda moto mwadzidzidzi, matayala akumbuyo aterera, galimoto yadzikhotetsa yokha. Sanapondeko ngakhale tsamba limodzi la repu.

Anthu asiya kuonerera amene ali patsogolo. Amayi ogulitsa maputi akuimba nthungululu. Gogo wa mbuzi wakwera pa mpanda. Sekuru akufuula m'zilankhulo zitatu, ndipo mawu ena si a mkulu wa mpingo.

Wina wawapitirira, iwo amupitiriranso. Pa kona yachiwiri adutsa chammbali, fumbi lonse n'kuthira pa suti ya a Mhofu. Sindikunena kuti anachitira dala.

Amaliza achitatu.

Nditafika pa galimoto, manja awo anali adakali pa chiwongolero. Ati, "Tandithandizani kuchotsa zalazi." Ndazichotsa chimodzichimodzi. Ndayamba kupepesa, koma ati, "Theka loyamba chinali chofewa kwambiri. Sindinayendetsepo chofewa chotero." Pamenepo ndayang'ana kumbali, fumbi linandilowa m'maso.

A Mhofu abwera akudzikuntha. Asuzumira mu boneti, aona pampu yopanda lamba, ayang'ana mikono ya mayi a Rudo. Ati, "Amai, lole yanga chiwongolero chake chinafa chaka chatha, zida zake sizikupezeka. Amuna awiri anaithawa. Lolemba mubwere m'mawa."

Paipi ya kopa ndakaitenga m'khola. Yaphwatalala ngati lamba, ndipo mbuzi inali itayamba kuinyambita.

Lamulungu

Mikono ya mayi a Rudo siikukwera kupitirira m'chiuno. Tiyi ndawamwetsa ndine. Duku la ku tchalitchi ndawamanga ndine, ndipo lapendekera ngati denga la khola lija, koma apita nalo choncho. Ku tchalitchi amayi anzawo awazungulira, aliyense akufuna kuwagwira dzanja, iwo akungoti, "Pang'onopang'ono, vasikana."

Masana ndaphika sadza, nsima ya kuno. Ili ndi mibulu. Adya osadandaula, ndi supuni.

Sekuru abwera kudzatenga paipi. Aitembenuza uku ndi uku, apumira m'mwamba, ati mwini wake akufuna kudziwa dzina la amene anaimangirira pansi pa bampala. Ndapempha kuti anene kuti anasamukira ku Botswana.

Josefe watumiza uthenga wautali woyamikira mlongo wake. Kumapeto akufunsa ngati galimoto ili bwino. Ndiyankha netiweki ikadzavuta.

Chakumadzulo takhala pakhonde. Ndawauza kuti ndakhala ndikuganizira za lole ya a Mhofu. Ngati vuto ndi pampu, mwina pali njira. Ku sukulu kuli injini yakale yopopera madzi imene palibe akuigwiritsa ntchito, ndipo nditaiona bwino...

"Bambo a Rudo," atero. "Mumandikonda?"

Ndati kwambiri.

"Loleyo musaiyandikire."

Ndavomera. Andipatsa udindo wina: kuwadzutsa m'mawa, kuwasitira yunifolomu ndi kuwaikira kamba wa pa ulendo. Ndafunsa ngati tiyi wa m'fulasiki amafuna wotentha kwambiri kapena wozizirako pang'ono.

Ati wotentha. Ati ndisachitepo chilichonse.